Mangochi isamapemphe misewu ngati mphatso

Nyengo ya kampeni ikafika, wandale aliyense wopita ku Mangochi amadziwa kuti akangotchula msewu, anthu awomba m'manja. Akaima ku Makanjira amalonjeza tala, akafika kwa Katuli amalonjeza milatho, akalowa m'tauni amalonjeza depoti yamakono ndi ngalande. Mavoti akawerengedwa, nkhani ija imasanduka pempho. Makhansala amalemba makalata opita ku Capital Hill, mafumu amadandaulira nduna ikabwera kudzatsegula msonkhano kunyanja, aphungu amaimirira m'Nyumba ya Malamulo kufunsa ngati unduna ungaganizireko dera lawo, ndipo yankho limakhala lomwe lija lakuti ntchito idzayamba ndalama zikapezeka. Mchitidwe wopemphawu ndiwo ukupha misewu ya ku Mangochi. Malinga ngati ndalama zokonzera misewu ya m'tauni ndi ya m'midzi zikudalira mtima wa nduna ndi mtundu wa chipani cholamula, misewuyo idzakhala yakumbikakumbika mpaka kalekale. Chimene khonsolo ya tauni ya Mangochi ndi khonsolo ya boma la Mangochi ziyenera kumenyera ndi gawo lokhazikika la ndalama za misewu, lolembedwa m'lamulo, lofika chaka ndi chaka popanda wina kugwada.

Tiyambe ndi kukula kwa malo amene tikukambawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, chiwerengero chimene chimaliika pakati pa maboma okhala ndi anthu ambiri zedi m'dziko muno, ndipo tauni yokhayo inali ndi anthu oposa 50,000. Anthuwa sakhala malo amodzi. Mtsinje wa Shire ndi nyanja zinagawa bomali pawiri: kuzambwe kuli Mponda, Chimwala ndi Nankumba mpaka Monkey Bay ndi Cape Maclear, kuvuma kuli Chowe, Jalasi, Katuli ndi Makanjira, moyang'anizana ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Chambo, usipa, utaka ndi kampango zodyedwa ku Limbe, ku Zomba ndi ku Lilongwe zambiri zimachokera m'madoko a kuno ndi a nyanja ya Malombe. Kuno ndiko kuli Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984. Sitima ya Ilala kwawo ndi ku Monkey Bay. Mahotela a Sunbird Nkopola ndi Makokola, pamodzi ndi malo ogona alendo ambirimbiri a m'mbali mwa nyanja, ndiwo amene timajambula pa zikwangwani poitana alendo akunja. Chipata cha Chiponde chimatsegula njira yopita ku Mandimba. Dera lotere likamafuna msewu silikupempha chifundo. Likufunsa gawo la chuma chimene limathandiza kupanga.

Ena adzanena kuti Mangochi inapatsidwa kale zake, ndipo pamwambamwamba zimaoneka choncho. Msewu wa M3 wochokera ku Liwonde, wa makilomita 75, unakonzedwanso ndi ndalama za African Development Bank monga mbali ya njira ya Nacala. Mlatho wa Bakili Muluzi, umene dziko la Japan linathandiza kumanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, unalumikiza bwino mbali ziwiri za Shire. Tala amakafika ku Monkey Bay, amakweranso phiri kupita ku Namwera ndi Chiponde. Koma misewu imeneyi ndi yodutsira, ndipo ndi imene bwana wochokera ku Lilongwe amayendamo popita ku hotela. Munthu angopatuka pang'ono kulowa m'makwalala a tauni, aona Mangochi ina. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, imene inamangidwa mu 1903 tauniyi ikutchedwa Fort Johnston, njinga zakapalasa za kabaza, njinga zamoto, maminibasi, malole a mchenga, ana asukulu ndi amayi osenza madengu a nsomba onse amalimbirana kamsewu kamodzi. Woyenda pansi alibe pake, wa kabaza alibe poimika, ndipo minibasi imatsitsa anthu paliponse pamene kondakitala wamenya chitseko. Tauniyi ili pa chigwa cha mchenga, choncho mvula ikagwa madzi amangoti ndundundu m'makwalala chifukwa ngalande ndi zochepa, zina zinakwiririka. M'chilimwe fumbi lomwelo limathira pa usipa woyanika ndi pa tomato wa pamsika.

Tsidya la kuvuma ndiye kuli umboni woopsa. Msewu wochoka ku Mangochi kudutsa Malindi ndi Lungwena mpaka ku Makanjira ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo kwa zaka zambiri mbali yake yaikulu yakhala yafumbi ngakhale maboma osiyanasiyana akhala akuulonjeza. M'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a m'malire imadzaza, imakokolola makalavati, ndipo lole imatha kugona panjira itatitimira m'matope. Taganizirani mayi wogula nsomba ku doko la ku Makanjira. Walipira msodzi, walipira wonyamula, wakwera matola pamtengo wokwera chifukwa mwini galimoto akuwerengera masipulingi amene athyoke. Galimoto ikaima pa mtsinje tsiku lathunthu, nsomba zaziwisi zija zimayamba kununkha, mpamba wake n'kuthera pomwepo. Taganiziraninso mayi woyembekezera amene azachipatala amutumiza ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi chifukwa mwana wakhala mopingasa. Ulendo umene pa tala ukanatenga maola osakwana awiri umadya theka la tsiku, ambulansi ikapezeka n'komwe. N'chifukwa chake ena amalolera kukwera boti kuoloka nyanja kupita ku Salima, ngakhale mwera utavuta. Mu November 2023 boma linasainirana ngongole ya madola 20 miliyoni ndi Saudi Fund for Development yothandizira msewu umenewu, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Komabe msewu wa tala ukadzatha, tinjira tochoka m'madoko, m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono kudzalowa mu msewuwo tidzakhalabe m'manja mwa khonsolo, ndipo palibe Msaudi amene adzabwere kudzagula giledala yopalira tinjira timeneto chaka chilichonse.

Funso n'lakuti ndalama za misewu zili kuti. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri: Roads Authority yoyang'anira ntchito za misewu, ndi Roads Fund Administration yosonkhanitsa ndi kugawa ndalama. Gwero lalikulu la thumba limenelo ndi msonkho umene umaikidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Kuyambira kumapeto kwa 2021 panabweranso zipata zolipiritsa galimoto, choyamba pa Chingeni, kenako pa Kalinyeke. Tsono onani amene amalipira. Mnyamata wa njinga yamoto pa Namwera akathira malita awiri, walipira msonkho wa msewu. Msodzi wa ku Cape Maclear akagula petulo wa injini ya boti, walipira msonkho wa msewu ngakhale botilo siliyenda pamsewu. Mwini chigayo cha dizilo kwa Katuli nayenso walipira. Ndalama zonsezi zimapita ku likulu, ndipo zobwerera ku makhonsolo zimakhala zochepa, zosadziwika kuchuluka kwake pasadakhale, zofika mochedwa. Msonkho wa 1 peresenti wa ntchito zokopa alendo umene hotela zimatolera nawonso sutsala m'thumba la khonsolo. Chimene khonsolo imatsala nacho ndi matikiti a pamsika, ziphaso za mabizinesi, ndalama za padepoti ndi msonkho wa malo ndi nyumba umene ambiri salipira. Ndalama zimenezi zimathera kulipira antchito ndi kuchotsa zinyalala. Matikiti a amayi ogulitsa mandasi ndi bonya sangamange ngakhale kilomita imodzi ya tala, ndipo aliyense ku Treasury amadziwa zimenezi. Tikukama ng'ombe m'mawa ndi madzulo koma msipu tikuimana.

Izi zikuchitika pamene dziko lino linavomereza kale mfundo ya mphamvu ku anthu. Mu 1998 tinakhazikitsa ndondomeko ya kutula mphamvu ku makhonsolo pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo ndondomekoyo inanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera, kupatula thandizo lakunja, izipita ku chitukuko cha m'maboma. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula kuti lonjezo limeneli silikwaniritsidwa. Tinatula ntchito ku makhonsolo koma chikwama tinachisiya ku Lilongwe. Choyenera kuchitika n'chosavuta kumva. Lamulo la Roads Fund Administration lisinthidwe kuti linene poyera gawo la thumba la misewu loyenera kupita ku misewu ya makhonsolo, ndipo gawolo ligawidwe motsata njira yodziwika kwa aliyense: chiwerengero cha anthu, kutalika kwa misewu imene khonsolo ikusamala, ndi kuopsa kwa madzi osefukira m'deralo. Izi si zachilendo. Anansi athu a ku Tanzania amagawa thumba lawo la misewu motero: 70 peresenti ku misewu ikuluikulu, 30 peresenti ku misewu ya m'matauni ndi m'midzi, ndipo mu 2017 anakhazikitsa bungwe la TARURA loyang'anira misewu ing'onoing'onoyo. Sikuti mavuto awo onse anatha, koma injiniya wa boma laling'ono kumeneko amayamba chaka akudziwa kuti ali ndi zingati, ndipo amatha kukonza dongosolo la zaka zingapo. Mnzake wa ku Mangochi amayamba chaka ndi mndandanda wa misewu yoonongeka ndi pemphero.

Chotsutsa choyamba chimene tidzamva n'chakuti boma lilibe ndalama. N'zoona kuti chuma chili pa mpanipani, ngongole zatipana pakhosi, ndipo ngakhale thumba la misewu lenilenilo linauma m'zaka za 2023 ndi 2024 pamene bungwe loyang'anira za mafuta la MERA linkalephera kutumiza msonkho wa pa mafuta chifukwa mitengo ya pa pampu inali yotsika kuposa mtengo woitanitsira mafutawo. Koma umphawi ndiwo ukutikakamiza kugawa mwadongosolo. Ndalama zikakhala zochepa popanda lamulo logawira, amene amadya ndi amene ali pafupi ndi mphika, ndiwo misewu ya m'mizinda ikuluikulu ndi ya kwawo kwa akuluakulu. Gawo lokhazikika silifuna msonkho watsopano. Likungonena kuti pa kwacha iliyonse yolowa m'thumba, kaya zalowa zambiri kaya zochepa, matambala akutiakuti ndi a makhonsolo. Chinanso n'chakuti kusakonza msewu kumadya ndalama zambiri kuposa kuukonza. Kalavati yotsekeka ndi mchenga imafuna anthu ochepa ndi mafosholo m'mwezi wa October. Ikasiyidwa, madzi a mu January amadula msewu pakati, ndipo pamenepo pamafunika kontrakitala, simenti ndi miyezi. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anationetsa mtengo wa ngalande zosasamalidwa, ndipo kukwera kwa madzi a m'nyanja mu 2024, kumene kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kunatikumbutsa kuti madzi sadikira bajeti. Dziko losauka silingakwanitse kumanga msewu umodzi kawiri.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sitiyenera kuchithawa: makhonsolo amasakaza ndalama. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akuonetsa m'makhonsolo ambiri ndalama zolipiridwa popanda zikalata, mafuta osadziwika kumene anapita, ndi ntchito zolipiridwa zisanathe. Amene amanena izi sakunama. Koma ngati kuba kukanakhala chifukwa cholanda ofesi ndalama, ndiye kuti Capital Hill ikanatsekedwa mu 2013 pamene nkhani ya Cashgate inaphulika. Mankhwala a kuba ndi kuunika, ndipo msewu wa m'dera ndi wosavuta kuunika kuposa kontrakiti yosainidwa m'chipinda ku Lilongwe. Ndalama ya msewu ikhale m'akaunti yakeyake, yoti singagwiritsidwe ntchito kulipira maalawansi a misonkhano. Pamsewu uliwonse pakhomedwe chikwangwani chonena dzina la kontrakitala, mtengo wa ntchito, kutalika kwa msewu ndi tsiku lomaliza. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ma VDC ndi ma ADC, asaine kuti ntchito yatha asanalipidwe munthu. Mainjiniya a Roads Authority ayendere ntchitozo, ndipo khonsolo yolephera kufotokoza za ndalama za chaka chatha isalandire gawo lotsatira. Njira yopereka ndalama molingana ndi mmene khonsolo yagwirira ntchito tikuidziwa kale kudzera mu pulogalamu ya GESD yothandizidwa ndi World Bank, ndipo komiti ya National Local Government Finance Committee ili ndi luso loyendetsa zotere. Anthu a kwa Mponda amadziwa bwino lomwe ngati giledala inadutsa kapena ayi. Chimene akusowa ndi pepala lowauza kuti inayenera kudutsa liti, ndiponso pa mtengo wanji.

Ena amati makhonsolo ali kale ndi thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, ndiye atengemo za misewu. Koma thumba limeneli lili ndi eni ake ambiri. Mdadada wa sukulu ukulidikira, mjigo ukulidikira, nyumba ya namwino ikulidikira, fizi ya ana osowa ikulidikiranso. Ndiponso limagawidwa potsata malire a madera a aphungu, pamene msewu sudziwa malire amenewo. Njira yochoka ku doko kukafika ku msika imatha kudutsa madera awiri kapena atatu, ndipo phungu mmodzi akamanga kamlatho kwake koma mnzake osakonza mbali yake, galimoto siidutsabe. Choipa china n'chakuti ndale zimakonda chinthu chodulirapo riboni. Kupala msewu chaka ndi chaka, kufukula ngalande, kuthira gelevulo pamene pakumbika, ndi ntchito zosaoneka pa chithunzi cha m'nyuzipepala, choncho zimatsalira. Ngakhale CDF itakwezedwa motani, siingalowe m'malo mwa ndalama yosungidwira misewu yokha, yoyendetsedwa ndi injiniya woona boma lonse ngati chinthu chimodzi.

Palinso funso lachilungamo lochokera kwa munthu wa ku Chitipa, ku Rumphi, ku Neno kapena ku Nsanje: bwanji Mangochi, ife misewu yathu ili bwino ngati? Yankho n'lakuti lamulo limene tikufunali si la Mangochi yokha. Njira yogawira yodziwika ingapindulire boma lililonse, makamaka maboma amene alibe mwana wawo m'nduna. Mangochi tikuitchula chifukwa ndi pamene kusiyana kwa zonena ndi zochita kukuonekera poyera. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amanena za kumanga mizinda ina kuti anthu asamangothamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo dera la Mangochi ndi Monkey Bay lili m'gulu la malo asanu ndi atatu osankhidwa, pamodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Takhala tikumvanso za bwalo la ndege lalikulu ku Mangochi, komanso za mgodi wa mchenga wa miyala yamtengo ku Makanjira. Zonsezi zimafuna misewu ya pansi. Mlendo wotsika ndege adzafunabe njira yabwino yokafikira ku gombe, ndipo wophika wa pa hotela adzafunabe tomato wa ku Namwera wofika osaphwanyika. Ngati msewu palibe, hotela imaitanitsa ndiwo ku Blantyre, mlimi wapafupi n'kutsala akuonerera. Achinyamata ambiri a ku Mangochi amathawira ku Joni kukasaka maganyu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti geni ya kwawo imadyedwa ndi mtengo wa thiransipoti isanabale phindu.

Ndalamazo zikabwera, zoyamba kuchita n'zodziwika, ndipo si zapamwamba. M'tauni, ngalande zitsogole, chifukwa tala wothiridwa pamalo osatuluka madzi amatha dzinja limodzi. Patsatire njira za oyenda pansi ndi za njinga m'misewu yopita ku msika, ku chipatala ndi ku mlatho, chifukwa anthu ambiri a ku Mangochi sayenda pa galimoto, ndipo ovulala pangozi ambiri ndi iwowa. A kabaza apatsidwe masiteji odziwika, okhala ndi mthunzi ndi magetsi usiku, m'malo mowathamangitsa ngati akuba pamene ndiwo amanyamula tauni yonse. Depoti ikhale yoti maminibasi alowemo mwakufuna kwawo chifukwa ndi yowaka bwino, yokhala ndi zimbudzi. Kumidzi, makalavati ndi timilatho tikhale patsogolo pa tala, chifukwa msewu wafumbi wokhala ndi pooloka pabwino umadutsika chaka chonse. Madoko akuluakulu a nsomba ndi zipatala zazing'ono zilumikizidwe ku misewu ikuluikulu poyamba. Ntchito zambiri mwa izi zikhoza kugwiridwa ndi manja a anthu a m'deralo, ndalama n'kutsala m'matumba mwawo.

Nayonso khonsolo ili ndi mbali yake. Isapite ku Lilongwe chimanjamanja ndi madandaulo okha. Ipite ndi kaundula wa misewu yake yonse, kutalika kwake, mmene ilili ndi mtengo woikonzera, ndipo kaundulayo akhomedwe pa ofesi ya DC ndi kuwerengedwa pa wailesi za m'deralo, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Itolere misonkho yake mwachilungamo, kuyambira kwa eni nyumba zikuluzikulu za m'mbali mwa nyanja, osangolimbana ndi mayi wa pamsika. Aphungu a ku Mangochi ndi ambiri ndithu, ndipo akaiwala mitundu ya zipani zawo n'kugwirana manja ndi anzawo a maboma ena, angathe kubweretsa kusintha kwa lamuloli m'Nyumba ya Malamulo. Mutu umodzi susenza denga, choncho mafumu, mashehe, abusa, eni mahotela, makomiti a asodzi ndi mabungwe a kabaza alankhule chinthu chimodzi. Ndipo inu ovota a kwa Makanjira, kwa Jalasi, kwa Nankumba ndi m'tauni, wandale akadzabweranso kudzalonjeza msewu, musathamangire kuwomba m'manja. Mufunseni ngati adzavotere lamulo lopatsa khonsolo yanu gawo lake la thumba la misewu, ndipo mumuuze kuti msonkho wa msewuwo mumalipira kale tsiku lililonse pa pampu.